WALIRA MVULA WALIRA MATOPE: CHILOLEZO CHA OMANGA NDI NJIRA YA MADZI

Awa ndi mawu amene adalankhula membala mnzathu, mmisiri womanga nyumba, pa msonkhano wa makalabu a omvera wailesi m'boma la Chifunde. Tawalemba monga momwe adawalankhulira kuti makalabu amene sadafike awerenge ndi kukambirana.

  

A komiti adandipempha kuti ndilankhulepo za madzi a mvula pa malo amene pakumangidwa zinthu, monga sukulu, chipatala, msika, msewu kapena mlatho. Mwina ena mukuti, kodi imeneyi ndi nkhani yoti tikhalire pansi? Ine ndikuti inde, ndi nkhani ndithu. Tonsefe timafuna chitukuko. Tikamva kuti kukubwera sukulu ya malata timaomba m'manja, amayi nthungululu. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ntchito yomanga ili ndi matope ake, ndipo matopewo sapita ku Tete kapena ku Maputo kumene pangano la ntchito lidasainidwa. Amatsikira m'dimba la munthu, m'chitsime cha mudzi ndi mumtsinje umene timamwa.

Ndiye lero ndinena zinthu zinayi: mmene madzi amayendera pa malo okumbidwa, zimene malamulo a dziko lathu la Mozambique amanena, zimene tiyenera kuona ndi maso athu pa malo a ntchito, ndi zimene ife a makalabu tingachite.

MADZI A MVULA NDI OCHULUKA KUPOSA MMENE TIMAGANIZIRA

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi osavuta. Mvula amayeza ndi mamilimita. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye kuti pagwa lita imodzi ya madzi. Tsono tengani nyumba ya sukulu imene denga lake ndi mamita 30 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Kukagwa mvula yamphamvu ya mamilimita 50, denga limenelo limatsitsa malita 12,000. Amayi, zimenezo ndi zidebe 600 za malita 20. Abambo, imeneyo ndi migolo 60. Denga limodzi lokha, mvula imodzi yokha! Nanga pa hekitala imodzi? Mvula yomweyo imagwetsa malita 500,000.

Pamene pali tchire, madzi amenewa sativuta kwenikweni. Dontho limayamba lagwera pa tsamba, n'kutsikira pa udzu, n'kupeza zinyalala zowolerana, kenako n'kulowa pansi pang'onopang'ono. Mizu imagwira dothi. Madzi olowa pansiwo ndi amene timatunga pa mjigo mwezi wa Okutobala.

Koma katapila akadutsa, zonse zimasintha. Mitengo yazulidwa, udzu wapalidwa, dothi lapamwamba lakankhidwira kumbali. Malole akapondaponda, pansi pamalimba ngati pabwalo lopunthira mapira. Dontho tsopano limamenya dothi lamaliseche, n'kuliphwanya, ndipo madzi posowa polowera amayamba kuthamanga. Madzi othamanga ali ndi mphamvu yonyamula. Akamathamanga kwambiri amanyamulanso kwambiri: choyamba dothi losalala, kenako mchenga, kenako timiyala. Akakumana m'njira imodzi, monga m'mapazi a matayala a lole, amakumba kangalande. Chaka chino kangalande kofika m'kakolo, chaka chamawa m'chiuno, chaka chachitatu ndi chigwembe choti ng'ombe ikagweramo mpaka kuitana mudzi wonse.

Kuno kwathu zinthu ziwiri zimakulitsa vutoli. Choyamba, malo athu ambiri ndi a zitunda ndi otsetsereka. Chachiwiri, mvula yathu imagwa miyezi yochepa, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo nthawi zambiri imabwera mwaukali, yambiri pa kanthawi kochepa. Mvula zoyamba zimapeza nthaka ili youma, tchire litapsa ndi moto. Tonse tikukumbukanso namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene madzi ake adadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndiponso namondwe Freddy mu 2023. Ngati madzi amatha kudula mlatho wa simenti ndi zitsulo, nanga mulu wa dothi umene wasiyidwa m'mphepete mwa khwawa ungalimbe?

AMALUZA NDANI?

Madzi saiwala khwawa, ndipo amene amaluza ndi wa kumunsi. Dothi lofiira la pansi likakwirira dimba la kudambo, chonde chatha, chifukwa dothi limenelo lilibe chakudya cha mbewu. Chitsime cha pamchenga chimakwiririka. Maiwe a mumtsinje amene ankasunga madzi ndi nsomba m'chilimwe amadzaza mchenga. Kalavati ikatsekeka ndi matope, madzi amadumpha pamwamba pa msewu n'kuudula, ndiye mayi wapakati afika bwanji kuchipatala, fodya ndi chimanga zituluka bwanji?

Si dothi lokha ayi. Pa malo a ntchito pamakhala dizilo, oilo wakutha, penti ndi madzi otsukira makina osakanizira simenti. Madzi a simenti ndi aukali, ife amisiri timawadziwa chifukwa amatidya manja. Akalowa m'kamtsinje kakang'ono amapha nsomba ndi achule. Palinso zimbudzi za antchito. Chimbudzi chikakumbidwa kumtunda kwa chitsime, mvula ikabwera, matenda otsekula m'mimba ali pakhomo.

Komanso pali maenje amene amakumbamo dothi la msewu. Akasiyidwa osakonza amasunga madzi, udzudzu umaswana, malungo amachuluka. Ana amapita kukasambira, ndipo makoma a maenje amenewa amakhala ochita phompho, mwana akaterereka satha kukwera.

Ndikuuzeni zimene ndidaona pa ntchito ina ya msewu, sinditchula malo kapena kampani. Kalavati adaiika bwino, yolimba, koma kukamwa kwake kotulukira madzi kudaloza m'munda wa agogo ena amasiye. Pansi pake sadayalepo miyala. Mvula zitatu zokha, munda udagawika pakati. Agogowo ankangoti, “Ndi za boma izi mwanawe, ine ndinganene chiyani?” Mawu amenewo ndi amene ndikufuna tiwachotse m'kamwa mwa anthu athu, chifukwa malamulo a boma lomwelo ali kumbali ya agogowo.

MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Lamulo lalikulu la dziko lino, Constituição ya 2004, pa gawo 90 limati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pa malo abwino osawonongeka, ndiponso ili ndi udindo wowateteza. Mwamva? Ufulu ndi udindo, zonse ziwiri.

Kenako pali lamulo la zachilengedwe, Lei do Ambiente, nambala 20/97, la chaka cha 1997. Gawo 9 la lamuloli limaletsa kutaya zoipa m'madzi ndi m'nthaka, ndipo limatchula poyera kuti ntchito zofulumizitsa kukokoloka kwa nthaka kupyola malire a lamulo n'zoletsedwa. Gawo 15 limati ntchito imene ingawononge malo kwambiri iyenera kukhala ndi chilolezo cha zachilengedwe, chimene pa Chipwitikizi amati licença ambiental, ndipo chilolezo chimenechi chimayamba kutuluka zilolezo zina zonse zisanaperekedwe. Ndiye kuti mwini ntchito sayenera kuyamba wakumba n'kumafuna pepala pambuyo. Lamulo lomweli limanenanso kuti wowononga ayenera kukonza kapena kulipira, ndipo munthu aliyense woona lamuloli likuphwanyidwa ali ndi udindo wokanena kwa apolisi kapena kwa akuluakulu a boma amene ali pafupi.

Nanga chilolezocho chimatuluka bwanji? Njira yake ili mu Decreto 54/2015, imene idalowa m'malo mwa Decreto 45/2004. Mwini ntchito amalemba zimene akufuna kuchita ndi malo ake, ndipo a zachilengedwe amaika ntchitoyo m'gulu limodzi mwa magulu anayi: A+, A, B ndi C. Magulu a A+ ndi A ndi a ntchito zikuluzikulu kapena za pa malo osachedwa kuwonongeka, ndipo amafuna kafukufuku wathunthu. Gulu B limafuna kafukufuku wofupikitsidwa. Gulu C ndi la ntchito zimene kuwononga kwake n'kochepa, koma ngakhale pamenepo mwini ntchito amalemba njira zabwino zimene adzatsate posamala malo. Ntchito za B ndi C zimaonedwa ku chigawo, ku Tete, pamene za A+ ndi A zimafika ku likulu.

Apa ndiye pamene nkhani ya madzi a mvula imalowera. Pamodzi ndi kafukufuku pamakhala dongosolo losamalira malo, plano de gestão ambiental. M'menemo ndi mmene mumalembedwa kuti madzi adzadutsa kuti, dothi lidzaunjikidwa pati, oilo adzasungidwa bwanji, maenje adzakwiriridwa liti. Kontirakitala, amene ambiri timamutcha empreiteiro, amayenera kutsata zimene zalembedwazo, chifukwa ndi mbali ya chilolezo.

Chinthu china chofunika kwa ife: pa ntchito za A+, A ndi B, kufunsa anthu okhudzidwa n'kokakamiza, ndipo msonkhano wake uyenera kulengezedwa kutatsala masiku 15. Si chifundo cha kampani ayi, ndi lamulo.

Lamulo la malo, Lei de Terras 19/97, nalonso limatithandiza. Munthu wobwera kudzapempha DUAT, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa kaye. Lamuloli lidapatulanso malo ena otetezedwa amene munthu sangatengepo DUAT, koma chilolezo chapadera basi: m'kati mwa mitsinje, mamita 100 kuzungulira kasupe, mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu ngati N9 wopita ku Cassacatiza, mamita 15 m'mbali mwa misewu yocheperapo, ndi makilomita 2 m'mphepete mwa malire a dziko. Inu a kufupi ndi malire a Zambia, mfundo yomalizayi muisunge. Mamita a m'mbali mwa msewu aja ndi njiranso ya madzi. Tikamangamo golosale kapena kulimamo mizere yolozetsa mumsewu, tatseka ngalande tokha.

ANZATHU KWINA AMATANI?

Kuti muone kuti nkhaniyi si ya kuno kokha, ku America kuli chilolezo chapadera cha madzi a mvula pa malo omanga, chochokera m'lamulo lawo la madzi la 1972. Kuyambira 2003, aliyense wokumba malo okwana ekala imodzi kapena kuposa, imene ndi pafupifupi theka la hekitala kuchepera pang'ono, ayenera kutenga chilolezo chimenechi, ndipo m'madera ambiri chimaperekedwa ndi boma la chigawo. Asanakumbe amalemba pulani yoletsa matope kutuluka pa malowo, amayendera malowo kawirikawiri, ndipo chilolezo chimatsekedwa pokhapokha nthaka itaphimbidwanso. Abale athu a ku Zambia ali ndi bungwe la ZEMA pansi pa lamulo lawo la 2011, ndipo a ku Malawi ali ndi MEPA pansi pa lamulo la 2017. Mayina ndi osiyana koma mfundo ndi imodzi: wokumba ndiye mwini matope, asawatumize kwa mnansi.

Ndipo mitsinje sidziwa malire. Dothi lochoka kuno likalowa mu Luia limakathera mu Zambezi. Zimene timachita kumtunda, ena amazimwa kumunsi.

MALO A NTCHITO OSAMALIDWA AMAONEKA BWANJI?

Simufunika kukhala injiniya kuti muone izi. Mukamadutsa pa malo a ntchito, yang'anani zinthu zisanu ndi ziwiri.

1. Kodi apala malo okhawo amene akumangapo, kapena apala ponseponse? Mmisiri wabwino amasiya mitengo ndi udzu pamene sakugwirapo, makamaka mzere wa udzu m'mphepete mwa mtsinje. Udzu umenewo ndi sefa.

2. Kodi kumtunda kwa malowo kuli ngalande yopatutsa madzi? Madzi ochokera kuphiri ayenera kuzungulira malo okumbidwawo, asadutse pakati.

3. Kodi kumunsi kuli potchinga matope? Likhoza kukhala dzenje lodikhitsa madzi kuti dothi likhale pansi, kapena mzere wa matumba a mchenga, kapena mpanda wa udzu wothinana. Ndipo dzenjelo likadzaza liyenera kufukulidwa.

4. Kodi milu ya mchenga ndi dothi ili pati? Isakhale m'ngalande kapena m'mphepete mwa khwawa. Dothi lakuda lapamwamba aliunjike palokha, chifukwa ndi lomwelo adzabwezere pomaliza kuti udzu umere.

5. Kodi potulukira madzi payalidwa miyala? Pakamwa pa kalavati, pansi pa denga ndi pothera ngalande, madzi amafika ndi ukali. Miyala imaswa ukaliwo. M'ngalande yotsetsereka muyenera kukhala timakoma ta miyala motalikirana pang'ono, ndipo msewu wa dothi uyenera kukhala ndi ngalande zambiri zotaya madzi m'tchire pang'onopang'ono, osati kuwasonkhanitsa onse n'kukawakhuthulira pa munda umodzi.

6. Kodi migolo ya dizilo ndi oilo ili pa simenti, pansi pa denga, kutali ndi madzi? Kodi makina amatsukira kuti? Ngati akutsukira mumtsinje, pamenepo palakwika.

7. Kodi pomaliza akubwezera malo? Maenje akwiriridwe kapena makoma ake agwetsedwe kuti akhale otsetsereka bwino. Pamene padapalidwa padzalidwe udzu, monga vetiva kapena kapinga. Ngati mudzi ukufuna kuti dzenje lina litsale lomwetsa ng'ombe, zimenezo zikambidwe poyera ndipo zilembedwe, osati kungolisiya n'kumati tawathandiza.

Zonsezi zichitike mvula isanagwe. Ngalande yokumba mu Januwale ndi ngati kufolera nyumba mvula ili m'kati.

TIFUNSE CHIYANI, TIKANENE KUTI?

Safunsa adadya phula. Pa misonkhano yofunsa anthu, kawirikawiri mafunso athu amakhala awiri: mulemba anthu angati, ndipo mulipira zingati? Ndi mafunso abwino, ganyu tonse timaifuna. Koma tiwonjezere awa: Madzi a pa malo ano adzatulukira kuti? Dothi ndi mchenga mudzakumba pati, ndipo mwagwirizana ndi yani? Dzenjelo adzakwirira ndani, liti? Munda wa munthu ukawonongeka tidzaonana ndi yani? Ntchitoyi ili m'gulu liti, ndipo chilolezo chake chili kuti? Mayankho alembedwe mu acta ya msonkhano, iwerengedwe m'Chichewa anthu asanasaine kapena kudinda chala, ndipo kope limodzi litsale kwa amfumu.

Amayi, pa misonkhano imeneyi musakhale kumbuyo. Amene amadziwa kumene madzi amadutsa, chitsime chimene sichiphwa ndi dambo limene limasefukira ndinu. Injiniya amabwera m'chilimwe, amaona khwawa louma n'kuyesa kanjira ka mbuzi. Inu mukudziwa kuti mu Febuluwale pamenepo sawoloka. Muuzeni.

Vuto likachitika, tiyende motere. Choyamba, werengani chikwangwani cha ntchito. Pa ntchito za boma chimalemba mwini ntchito, kontirakitala, woyang'anira amene amati fiscal, ndi nthawi yomaliza. Chachiwiri, sungani umboni: tsiku limene mvula idagwa, kukula kwa malo owonongeka poyeza ndi mapazi, mbewu zimene zidalipo, mboni ziwiri, ndi chithunzi ngati pali wa foni yojambula. Chachitatu, pitani ndi amfumu kwa kapitawo wa ntchito ndi kwa fiscal, mwaulemu. Mavuto ambiri amathera pomwepa, chifukwa lole imodzi ya miyala imakwanira makina akadali pafupi. Zikakanika, lembani kalata kwa chefe wa localidade ndi wa posto, ndipo ifike ku SDPI, ofesi ya boma yoona mapulani ndi zomangamanga, imene imaonanso zachilengedwe m'boma muno. Za mbewu zowonongeka, a zaulimi a ku SDAE ndi amene amayeza. Misewu ikuluikulu mwini wake ndi ANE. Ku chigawo kuli a zachilengedwe ndi bungwe loyendera la AQUA. Mulembe makalata awiri, ina adinde n'kukubwezerani. Nkhaniyi mukhozanso kuipereka kwa anthu athu a mu conselho consultivo.

Chinsinsi china n'chakuti musachedwe. Ntchito ya boma imalandiridwa kawiri, poyamba mongoyembekezera, kenako kotheratu itadutsa nthawi ya chitsimikizo. Pakati pa nthawi ziwirizi kontirakitala amayenera kubwera kudzakonza zolakwika. Mukadikira zaka, munthu adapita kale, makina ali ku chigawo china.

Ndikudziwa ena akuopa. Akuti tikalankhula atichotsa ganyu, kapena adzati anthu a mudzi uno ndi ovuta, chitukuko chipite kwina. Manthawo ndikuwamva. N'chifukwa chake ndikuti asapite munthu mmodzi, ipite kalabu ndi amfumu, paja mutu umodzi susenza denga. Ndipo sitikukana sukulu ayi. Tikuteteza sukuluyo, chifukwa chigwembe chikayamba kuseri kwa kalasi, chimene chidzagwe ndi maziko a kalasi yomweyo. Komanso potengera nkhani ku wailesi tisamanamizire munthu. Tinene zimene taona, ndipo mbali inayo ipatsidwe mpata woyankha.

NAFENSO TILI NDI MATOPE ATHU

Tisaloze chala makampani okha. Nyumba yanu ya pamudzi sifuna kafukufuku wamkulu uja, koma gawo 9 lija loletsa kukokolola nthaka silidapatule munthu. Ndipo amene mukumanga nyumba ya njerwa, sitolo kapena tchalitchi pa malo a msika ndi pa boma, pitani ku SDPI mukafunse za chilolezo chomangira musanakumbe maziko.

Taonani zimene timachita. Timaumba njerwa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, n'kusiya nkhuti zili kukamwa. Timadula mitengo ya m'khwawa kuti tiotchere uvuni ndi kumangira zigafa. Timakumba mchenga pansi pa mlatho chifukwa ndi pofikika ndi ngolo, osadziwa kuti tikufukula miyendo ya mlathowo. Achinyamata okumba golide amasiya maenje ndi kutsukira dothi mumtsinje. Timakhoma malata n'kusiya madzi a padenga alunjike kwa mnansi, mawa mlandu kwa amfumu.

Mankhwala ake si a ndalama zambiri. Nkhuti ikhale kutali ndi gombe, ndipo mukatha kuumba muikwirire ndi zinyalala n'kudzalamo nthochi. Pansi pa denga yalani miyala kapena zidutswa za njerwa, ndipo ngati mungathe ikani mgolo mukolole madziwo. Kumbani dzenje lomwetsa madzi pansi, mudzazemo miyala, patali ndi maziko ndi chimbudzi. Kumtunda kwa nyumba dzalani mzere wa vetiva mopingasa chitunda, monga timachitira ndi akalozera kumunda. Kangalande kakangoyamba, katsekeni ndi miyala ndi zikhomo za nsungwi kakadali kakang'ono. Nzeru zimene alangizi adatiphunzitsa kumunda ndi zomwezo zofunika pomanga.

NTCHITO YA MAKALABU

Ndimalize ndi pempho. Kalabu iliyonse ichite zinthu zitatu mvula isanayambe. Choyamba, yendani m'dera lanu ndi amfumu, mulembe malo onse amene pakumangidwa kapena padakumbidwa n'kusiyidwa: maenje, makalavati otsekeka, zigwembe zoyandikira sukulu, mjigo kapena msewu. Chachiwiri, sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, oti azikhala pa msonkhano uliwonse wofunsa anthu, atanyamula mafunso aja. Chachitatu, tumizani zimene mwapeza ku wailesi, kuti tipemphe a SDPI abwere pa pulogalamu adzayankhe, anthu onse akumva. Mvula yoyamba ikagwa, bwererani pa malo omwewo mukaone kumene madzi adutsa ndi mtundu wake. Akatuluka oyera, mmisiri wagwira ntchito, ndipo timuyamikire pa wailesi pomwepo. Akatuluka ofiira, nthaka yathu ikupita, tiyambepo kuyenda.

A wapampando, mafumu athu, amayi ndi abambo, ndalankhula nthawi yaitali. Amene muli ndi mafunso, kapena amene mukudziwa malo ena ovuta, ndili pompano mpaka msonkhano utatha. Wakutsina khutu ndi mnansi. 

Mafunso okambirana m'makalabu: Kodi m'dera lanu muli malo ati amene madzi ochokera pa ntchito yomanga akuwononga? Ndani adafunsidwa ntchitoyo isanayambe? Kalabu yanu ichitapo chiyani mwezi uno? Mayankho anu aperekeni kwa mlembi wa kalabu kuti afike ku wailesi.